Makutu a ku Mikuyu ndi makutu a m'thumba mwanu

Sabata ino mpata wagwera ine wa kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo ndabwera ndi nkhani ya chinsinsi: m'mene mawu a munthu akhala akuchokera pakamwa pake n'kukafika kumene mwini wake sanawatume. Tikamva pa wailesi akuti tidziteteze pa intaneti, timayesa ndi vuto lobwera ndi mafoni a tachi. Ayi ndithu, mafoniwa anaipeza nkhaniyi ili kale ndi imvi. Ndipo mukaitsata mbiri yake mofatsa muona chinthu chimodzi chikubwerabwera. Makina amasunga mawu, inde, koma wowatulutsa nthawi zambiri amakhala munthu amene munakhala naye pamphasa imodzi.

Tiyambire pa kalata ya pepala. Agogo athu aamuna ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Harare ndi ku Bulawayo. Kumudzi kunalibe munthu wokhala ndi bokosi lakelake ku positi. Kalata inkabwera pa adiresi ya sukulu kapena ya mishoni, aphunzitsi aakulu n'kupatsira mwana kuti akapereke kwa amake. Amakewo kuwerenga sankadziwa, ndiye ankaitana mnyamata wa sukulu kapena mlembi wa mpingo kuti awawerengere, n'kuwalemberanso yankho. Tangoganizani inu: ndalama zimene bambo watumiza, mkwiyo wake, mafunso ake okhudza mphekesera imene wamva ali kumgodi, zonsezo zinkadutsa m'kamwa mwa mwana wa eni. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unkadziwa kuti kwa aujeni kwabwera mapaundi angati. Mnyamata wowerenga kalata ameneyu mumusunge m'mutu, chifukwa sanafe. Lero ndi mdzukulu amene amadinira agogo ake nambala yachinsinsi pa foni, kapena ejenti wa pamsika amene amadziwa kuti ndani walandira zingati kuchokera ku Johannesburg.

Boma nalo linayamba kale kutchera khutu, likulu lake lili pano pa Zomba. Pa 25 January 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress anakumana kutchire kufupi ndi Blantyre. Zimene anakambirana zinafika kwa apolisi a Special Branch kudzera mwa akazitape, ndipo pofika pa desiki ya bwanamkubwa Robert Armitage nkhani inali itakula: akuti Congress yakonza zopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. Pa 3 March m'bandakucha anayamba kumanga anthu. Dr Banda anawatengera ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, ndipo pafupifupi 50 anaphedwa, kuphatikizapo aja a padoko la Nkhata Bay. Woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, atabwera kudzafufuza anapeza kuti umboni wa chiwembucho unali wosakhutiritsa, ndipo ambiri mwa onena nkhaniyi pamsonkhanopo panalibe. Anangomva kwa wina, amene anamvanso kwa wina. Tsiku limene timakumbukira ofera dziko lija linayamba ndi uthenga wopatsirana. Mukadzalandira voice note yopanda mwini yoti "tumizani kwa onse", mudzakumbukire zimenezi.

Ufulu utabwera mu 1964, makutu aja sanakwere ndege ndi azungu. Anangosintha bwana n'kuchulukirachulukira. Pofika 1966 dziko linali la chipani chimodzi, mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo mu 1971 a Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Ife a pamsika mbiri imeneyi timaidziwa chifukwa amayi athu ankaisimba akuyala matemba. Pachipata cha msika pankaima ayufi a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi ya chipani sankalowa, ngakhale dengu lake likhale la nsomba zoti ziwola dzuwa likakwera. Basi sankakwera, kuchipatala ankavutika. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula khadiyo, mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Makalata, makamaka ochokera kunja, ankatsegulidwa asanafike kwa eni ake. Koma chimene anthu ankaopa kwambiri sichinali positi ayi. Ankaopa mnzawo wa pamowa, wa m'basi, wa m'kwaya, wa m'chipinda cha aphunzitsi. Maina ngati la Chipembere ndi la Chiume ankatchulidwa monong'ona, munthu atayang'ana kaye kumbuyo, ndipo ana ankatumidwa kukatunga madzi ngakhale mtsuko uli wodzaza.

Amene mawu awo anafika kolakwika, ambiri ankathera kuno kwathu. Ndende ya Mikuyu ili m'chigwa chomwechi, pakati pa tauni ya Zomba ndi nyanja yathu, malo otentha, a udzudzu wosaneneka. Inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti izisunga akaidi andale, anthu amene sanaimepo pamaso pa woweruza aliyense. A Sam Mpasu anamangidwa mu 1975 chifukwa cha buku lawo la nthano, Nobody's Friend, akuluakulu ataona ngati nthanoyo ikunena iwo. Anakhala zaka zoposa ziwiri, ndipo nambala yawo ya ukaidi, 3/75, ndi imene anaika pa mutu wa buku limene anadzalemba atatuluka. A Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27, zambiri mwa izo komweko. A Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anagona ku Mikuyu usiku wawo womaliza mu May 1983, asanawatengere ku Mwanza kumene anakaphedwa.

Pali nkhani ina ya ku Mikuyu imene ine imandiimitsa mutu. Mkulu wa Special Branch pa nthawi imene anthu ankadzaza m'ndendemo anali a Focus Gwede, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi a Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani. Awa ndi amene ankalandira malipoti a akazitape onse, mwini makutu weniweni. Mu 1976 awiriwa anamangidwa pa mlandu woukira boma. A Muwalo ananyongedwa. A Gwede anakalowa m'ndende momwe munali anthu amene iwo anatumizamo, ndipo anatuluka nthawi ya matipate itayandikira. Kusunga zinsinsi za anzawo sikunawateteze. Fayilo ikatsegulidwa siisankha wolembedwamo, ndipo makiyi a kabati amasintha manja.

Tsopano inu alembi anzanga, nayi mbali yathu. Gulu ngati lathu lino linalipo kale. Writers Group inayamba cha m'ma 1970 ku Chancellor College, ndipo kolejiyo itasamukira ku Zomba mu 1973 gululo linapitiriza kukumana sabata ndi sabata. A Jack Mapanje, a Steve Chimombo, a Felix Mnthali, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande, a Anthony Nazombe ndi ena ankawerengerana ndakatulo n'kumadzudzulana, ngati m'mene timachitira ife pansi pa nkhani ya mnzathu. Onse ankadziwa kuti m'chipindamo mwina muli wina amene sanabwerere ndakatulo. N'chifukwa chake ankalemba mophiphiritsa, za bilimankhwe, za Napolo, za Chingwe's Hole pamwamba pa phiri la Zomba, kuti wakumva amve, kazitape atuluke chimanjamanja. Sikuti zinawapulumutsa onse. A Mnthali anatsekeredwa mu 1976, a Chipasula anathawa m'dziko, ndipo a Mapanje anawagwira ku Gymkhana Club pa 25 September 1987 n'kuwasunga ku Mikuyu mpaka May 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, popanda kuwauza mlandu wawo.

Chimene chinathandiza kuti dziko lapansi lidziwe kumene iwo ali ndi timakalata tolembedwa pa mapepala a kuchimbudzi ndi zikutiro za sopo, timene tinkatuluka m'ndende kudzera mwa woyang'anira akaidi wolimba mtima n'kufika kwa anzawo ochepa a kukoleji, iwo n'kutumiza kunja. Unyolo umenewu unakhala zaka osaduka chifukwa unali waufupi, ndipo aliyense ankamudziwa mnzake nkhope ndi mtima womwe. Gulu lathu lino lili ndi anthu ochuluka kuposa amene akanakwana m'chipinda chija, ena ndi maina ongopeka, ena chithunzi chawo ndi duwa kapena mkango. Sindikunena kuti tiziopana. Ndikungoti tikamalemba muno tizidziwa kuti tili pabwalo, sitili kuchipinda.

Mu 1992 makina anatembenukira mbali ya anthu. Pa 8 March m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula boma, imene inasindikizidwa mwachinsinsi ku Montfort ku Balaka. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, koma inali itafalikira kale. Akuluakulu a chipani atakumana mwadzidzidzi, ena n'kumalankhula zoti maepiskopiwo aphedwe, zokambiranazo zinajambulidwa pa tepi, tepiyo n'kutuluka mpaka kunja kwa dziko. Tsiku limenelo omvera anzawo ndi amene anamveredwa. Ophunzira a ku Chancellor College anaguba m'tauni ya Zomba, a Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 April, ndipo timapepala totsutsa boma tinayamba kulowa kudzera pa fax n'kumachulukitsidwa pa fotokope m'maofesi usiku. Apolisi anagwira anthu ambirimbiri ogwira ntchito pafupi ndi makina amenewa. Sizinathandize. Pa 14 June 1993 nyali inagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu.

Amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali anthu oti zonsezi anaziona ndi maso. N'chifukwa chake anaikamo ndime 21, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi: wosafufuzidwa m'thupi, m'nyumba kapena katundu wake mwachisawawa, wosalandidwa zinthu zake, ndiponso woti wina asalowerere makalata ake ndi zolankhula zake pa lamya. Chaka chomwecho a Bakili Muluzi atalumbira analamula kuti Mikuyu itsekedwe ngati ndende ya andale, ngakhale pambuyo pake inatsegulidwanso kuti izisunga akaidi wamba. Apa ndiye maganizo anga: mantha aja tinachita bwino kuwataya, koma tinawataya pamodzi ndi tcheru. Titauzidwa kuti tsopano tikhoza kulankhula, tinamva ngati atiuza kuti tiziulula zonse kwa aliyense.

Kenaka mafoni anafika. TNM inayamba cha m'ma 1995, Celtel mu 1999, imene inadzasanduka Zain kenako Airtel mu 2010. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba mu 2013. Ndisaname, geni yathu inasintha. Kale kupita ku Kachulu kukapikula matemba kunali kumanga ndalama pachitenje n'kumapemphera njira yonse. Lero msodzi ali pa chimbowera pakati pa nyanja amaimba kunena kuti lero zagwa, mtengo n'kugwirizana, ndalama n'kupita bwato lisanafike padoko. Palibe wa ife angafune kubwerera mmbuyo. Koma kachinthu komweka kamalemba zonse: mwaimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, muli pafupi ndi nsanja iti, mwatumiza zingati kwa ndani. Kazitape wa nthawi ya Kamuzu ankaiwala, ankaledzera, ankafa. Foni siiwala, ndipo akuluakulu anati mlandu suwola.

Chaka cha 2011 chinatikumbutsa kuti makutu akale ndi atsopano akhoza kugwira ntchito limodzi. Mu February mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga a ku Chancellor College kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zimene zinkachitika ku Tunisia ndi ku Egypt. Mawu a m'kalasi anafika bwanji ku polisi? Wina wokhala pa benchi anawanyamula. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi mayi Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, ndipo mkanganowo unatenga miyezi pafupifupi 8. Nthawi yomweyo bungwe la MACRA linali litagula makina otchedwa CIRMS, amene anthu anangowapatsa dzina loti makina aukazitape. MACRA inkati ndi oyezera ubwino wa netiweki ndi kuwerengera ndalama zimene makampani a foni amapeza. Otsutsa ankati makina oti akuona woimba ndi woimbiridwa akuphwanya ndime 21. Khoti lalikulu linawaimitsa, koma mu 2014 bwalo lalikulu la apilo linalola kuti agwire ntchito.

Patangopita zaka zisanu kuchokera pa nkhani ya m'kalasi ija, mu February 2016, mayi Kabwila omwewo, pamodzi ndi a Peter Chakhwantha ndi a Ulemu Msungama, anamangidwa chifukwa cha zokambirana za pa gulu la WhatsApp zimene boma linati ndi zofuna kuligwetsa. Mlanduwo sunapite patali, koma taonani njira imene mawuwo anayenda. Zokambirana za m'gulu zinatuluka n'kuyamba kuzungulira m'mafoni a anthu. WhatsApp imatseka uthenga panjira kuti wapakati asauwerenge, koma ukafika m'manja mwa wolandira loko uja watha ntchito. Screenshot imatenga kamphindi kochepa kuposa kuphethira. Chaka chomwecho kunabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lili ndi ndime zabwino, zoletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti, zimene mayi amene zithunzi zake zafalitsidwa akhoza kupita nazo ku polisi. Koma ndime 87, yokhudza mauthenga onyoza, yagwiritsidwa ntchito ndi maboma osiyanasiyana kumanga anthu wamba chifukwa cha zimene analemba za atsogoleri m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe, n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma. Chipani cholamula chimasintha, chilakolako chofuna kumva chimakhala chomwecho.

Chiphaso cha unzika nacho chili ndi mbiri yake. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni, kutenga chithunzi ndi zidindo za zala. Mu 2018 anatiuza kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphasocho, apo ayi itsekedwa. Kenako chiphaso chomwecho chinakhala cholembetsera kuvota, chotsegulira akaunti ku banki, ndipo mu 2020 chogulira feteleza wotsika mtengo wa AIP. Sindikuchiyerekeza ndi khadi ya chipani ija, chifukwa ichi chimatithandizadi, koma nacho chasanduka chipata cha msika: wopanda icho salowa. Ndipo chinthu chotsegula makomo ambiri chotere chimakopa akuba. Mavenda akhala akutolera ziphaso za alimi n'kuwapatsa kangachepe kuti akagulire feteleza m'dzina lawo. Akatapila amachisunga ngati chikole. Nyengo ya kampeni kumabwera anthu ndi makope n'kumalemba manambala a ziphaso, ati kuti mudzalandire thandizo. Kuno nyanja itaphwa mu 2018, ndiponso namondwe Freddy atadutsa mu 2023, anthu analembedwa maina ndi manambala a foni kangapo konse, ndipo wanjala safunsa kuti kopelo likagona kuti. Ngakhale boma lenilenilo silotetezeka: mu February 2024 pulezidenti Lazarus Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowa m'makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo, ntchito yosindikiza mapasipoti n'kuima kwa masabata.

Tsopano tibwerere ku Zomba, chifukwa mbiri ili ndi nthabwala zake zowawa. Kale munthu ankalowa m'ndende chifukwa wina wamva chinsinsi chake. Lero apolisi ndi a MACRA akhala akunena poyera kuti ambiri mwa mafoni obera anthu ndalama amachokera kwa akaidi a m'ndende yaikulu ya Zomba, pogwiritsa ntchito mafoni olowa mozemba ndi masimu olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Munthu ali m'kati mwa mpanda, koma akukolola m'matumba a anthu a ku Karonga. Njira zawo mukuzidziwa. Kumabwera uthenga wooneka ngati mwalandira ndalama, kenako foni ya munthu wolira kuti watumiza molakwika, mwana ali kuchipatala, chonde bwezani. Uthenga weniweni wa ndalama umabwera ndi dzina la kampani, pomwe wabodzawo umachokera pa nambala wamba, ndipo kungodina *211# kapena *444# n'kuona balansi kumathetsa nkhani yonse. Ena amati ndi a kampani ya foni, akufuna nambala yanu yachinsinsi kuti akonze akaunti. Kampani siifunsa nambala imeneyo. Ena amati mwasankhidwa ku Mtukula Pakhomo, tumizani ya fomu. Ena amati pa foni yanu pabwera manambala 6 molakwika, awerengereni. Mukawerenga, WhatsApp yanu yapita, ndipo akuyamba kupempha ndalama kwa abale anu onse m'dzina lanu. Mu WhatsApp momwemo muli malo oikapo nambala yachiwiri yachinsinsi, otchedwa two-step verification, ndipo kuikapo sikutenga nthawi yophika tiyi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti akathyali amenewa nthawi zina amakutchulani dzina, mudzi, ngakhale dzina la mwana wanu amene ali ku sekondale. Anthu amati ndi mankhwala. Mankhwala ake ati? Zambiri timawapatsa tokha. Tsiku lobadwa lili pa Facebook, ndipo chaka chobadwa chomwecho ndi chimene ambiri anaika ngati nambala yachinsinsi. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, baji ya sukulu ikuoneka, chili pa status. Wina akapeza chiphaso chotayika amachijambula mbali zonse n'kuchiponya m'magulu khumi, mtima uli wabwino ndithu, koma nambala ndi tsiku lobadwa la mwini wake zafika kwa anthu masauzande. Ngakhale kulengeza kuti banja lonse lili ku maliro ku Phalombe mpaka Lolemba n'kuuza wakuba kuti pakhomo palibe munthu.

Ndipo pali malo ena amene a m'tauni saawaganizira akamalemba malangizo awo. Kumadoko ndi m'midzi yambiri kuno magetsi kulibe, ndiye foni imakagona kotchajitsa, pa tebulo limodzi ndi mafoni makumi atatu, yambiri yopanda loko. Ikawonongeka imapita kwa wokonza ili ndi memory card m'kati. Achinyamata amapereka khadi yomweyo kwa oika nyimbo ndi mafilimu, amene amaitsegula pa kompyuta yawo n'kuona zonse zili m'menemo. Si onse osakhulupirika ayi, ambiri ndi ana abwino ofuna kupeza ya sopo, koma zithunzi zambiri za atsikana zimene zimazungulira m'magulu zinatuluka njira ngati zimenezi, kapena kwa chibwenzi chimene chinatha moipa. Mtsikana amasiya sukulu, banja limatha, wina amafika poganiza zodzipha, pamene wotumiza ndi olandira akuseka. Pamenepa ine sindinyengerera: amene walandira chithunzi chotere n'kuchipititsa patsogolo ndi kazitape, sasiyana ndi uja ankanyamula mawu a pamowa kupita nawo kwa apayoniya. Chimodzimodzi wojambula anthu ovulala pangozi, kapena wodwala ali pabedi, abale ake n'kumva za imfa pa Facebook mwana wa mfumu asanafike ndi uthenga.

Pabenchi ya ejenti pali buku limene timasainamo. Muli nambala, dzina ndi ndalama za aliyense amene wadutsapo tsiku limenelo, ndipo limakhala lotsegula, aliyense wosaina akuwerenga mizere ya anzake. Amayi achikulire ambiri amangopereka foni n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza, anthu ali pamzere, akabaza ali pomwepo. Ku banki m'khonde nako, mlembi akajambula tsamba la ngongole n'kuliponya pa gulu kuti aliyense aone, mawa lili kwa apongozi a munthu. Palibe makina aukazitape apa. Ndi mnyamata wowerenga kalata uja, wangokula n'kugula foni. Ife amene tinapitako kusukulu tili ndi ntchito yokhala pansi ndi amayi athu n'kuwaphunzitsa kudina okha manambala anayi aja mpaka chala chizolowere, m'malo mowauza kuti "bweretsani ndikupangireni". Mayi woti amawerengera chenji cha anthu asanu nthawi imodzi osalakwitsa sangalephere manambala anayi.

Lamulo latsopano lilipo. Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Mwachidule limati aliyense wotolera mbiri yanu, kaya ndi kampani, kaya bungwe lothandiza, kaya ofesi ya boma, akuuzeni chifukwa chake, atenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo, azisunge mosamala, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa zimene akusunga za inu ndi kupempha kuti akonze zolakwika kapena afufute. Ena adandaula kuti bungwe lomwe linagula makina aja ndi lomwenso lapatsidwa ulonda, ndipo dandaulo limeneli ndi lomveka. Komabe kusiyana kwa ife ndi amayi athu ndi kumeneku. Iwo pachipata cha msika sakanafunsa wa malaya ofiira kuti dzina langa ukulilemberanji. Ife tikhoza kufunsa wobwera ndi kope kuti mwachokera kuti, manambalawa mukupita nawo kuti, ndipo akakwiya ndi funsolo tisalembetse.

Vuto ndi lakuti kuno kudoko lamuloli silinafike m'makutu a anthu, ndipo Chingerezi chake ndi cha maloya. Maepiskopi a 1992 ankadziwa kumene kuli anthu: makope ambiri a kalata ija anali a Chichewa ndi Chitumbuka, a Chingerezi anali ochepa. M'gulu lino muli aphunzitsi, muli ophunzira zamalamulo, muli odziwa Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Chitumbuka chosalala. Wina atenge ndime 21 ndi mfundo zikuluzikulu za lamulo la 2024 aziike m'mawu oti mayi wogulitsa mpunga amve, zokwana tsamba limodzi basi. La Chichewa ndi la Chiyao munditumizire, ndikaliwerenga kwa azimayi anzanga tsiku la msika ku Jali, makasitomala asanayambe kubwera.